Vinyo wofiira wokoma koma wosaboola thumba: mafunso ndi mayankho kwa ogula a ku Mchinji

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera anthu akamakonzekera chinkhoswe, phwando la kumapeto kwa chaka kuntchito, kapena akangofuna botolo limodzi loti alandirire alendo Loweruka madzulo. Ofunsa ambiri ndi a pa boma, a pa Kamwendo ndi a ku Mkanda, ndipo vinyo wawo amagula konkuno, ku Lilongwe kapena kutsidya ku Chipata. Mitengo ya makwacha sindinaiikemo dala, chifukwa imasintha mwezi ndi mwezi ndipo nambala ya lero ingakusokeretseni mawa. Zonsezi ndi za akuluakulu, a zaka 18 kupita m'tsogolo.

Kodi vinyo wofiira amasiyana bwanji ndi woyera? Ndi mtundu wokha?

Onse awiri ndi madzi a mphesa amene awira, yisiti n'kusandutsa shuga wake kukhala mowa. Kusiyana kwagona pa makoko. Mukafinya mphesa yakuda, madzi ake amatuluka oyera ndithu. Kufiira kumabwera chifukwa opanga amasiya makoko ndi njere m'madzimo kwa masiku angapo, nthawi zina masabata, pamene akuwira. Popanga woyera, makoko amachotsedwa msanga.

Makoko aja sabweretsa mtundu wokha. Amabweretsanso tannin, chinthu chimene chimaumitsa m'kamwa n'kukhakhalitsa lilime, ngati tiyi wopanda mkaka amene masamba achuluka ndipo wakhalitsa m'ketulo. Anthu ambiri amene amati vinyo wofiira ndi wowawa amakhala akudandaula tannin ameneyu. Vinyo wina ali naye wambiri, wina wochepa, ndipo apa ndi poyambira kusankha bwino.

Mukati "wabwino pamtengo wofikirika", mukunena wotchipitsitsa?

Ayi. Taganizirani zimene mumalipira pabotolo lililonse musanafike n'komwe pa vinyoyo: botolo lenilenilo, chivindikiro, pepala, katoni, lole yoyenda makilomita oposa 3,000 kuchokera ku Cape, dera la vinyo la ku South Africa, msonkho wa pachipata, phindu la wooda ndi la mwini shopu. Zimenezi zimadya ndalama pafupifupi zofanana, kaya m'botolomo muli vinyo wamba kaya wabwino. Ndiye pabotolo lotchipitsitsa, kagawo ka ndalama yanu kamene kagula vinyo weniweni n'kakang'ono zedi. Mukawonjezera pang'ono n'kutenga la mtengo wapakati, yowonjezerayo yambiri imalowa mu mphesa zabwinoko.

Mukakwera kwambiri, nkhani imatembenuka. Botolo lodula kanayi silikoma kanayi. Kumeneko mukulipira dzina, migolo yatsopano yosungiramo vinyo, ndi mphamvu yoti akhale zaka 10 osawonongeka, zinthu zimene munthu wofuna kumwa botolo lake sabata ino alibe nazo ntchito. Ine ndimati siyani lotsikitsitsa, siyaninso lokwera, muone amene ali pakati. Ndipo pakati pomwepo, botolo losungidwa pozizira limaposa la dzina lotchuka limene lapsa ndi dzuwa. Funso la kutentha lili m'munsimu, ndipo kwa ife a ku Mchinji ndilo lalikulu kuposa onse.

N'chifukwa chiyani pafupifupi vinyo yense wa m'mashopu mwathu ndi wa ku South Africa?

Ndiko kufupi, ndiponso ndiko kuli minda yambiri ya mphesa kumwera kuno kwa Africa. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa mu 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck, ndipo lero South Africa ili m'gulu la mayiko 10 opanga vinyo wambiri padziko lonse. Madera amene mudzawaona pamabotolo ndi monga Stellenbosch, Paarl, Robertson, Swartland ndi Franschhoek. Katundu wake amabwera pamsewu limodzi ndi zakudya zina za m'masitolo, pomwe wa ku France kapena ku Italy ayenera kuwoloka nyanja kaye, kutsika padoko, kenako n'kukwera lole. Pofika kuno, botolo wamba la ku Ulaya kawirikawiri limakhala pamtengo umodzi ndi botolo labwino ndithu la ku Stellenbosch.

Sikuti ena onse muwanyalanyaze. Mukapeza Malbec wa ku Mendoza ku Argentina, Cabernet Sauvignon wa ku Chile, kapena vinyo wofiira wa ku Portugal pamtengo wofanana ndi wa ku Cape, yesani. Mayiko atatuwa amadziwika ndi vinyo wokoma wosadula.

Tchulani mayina. Ndigule uti?

Poyambira pali Robertson Winery, Drostdy-Hof, Two Oceans ndi KWV. Amapangidwa wambiri, kakomedwe kake sikasinthasintha, ndipo savuta kupeza. Sadzakudabwitsani, koma sadzakuchititsaninso manyazi pamaso pa alendo.

Mukakwera pang'ono ndi pamene ndalama imagwira ntchito yake bwino. Chateau Libertas wakhala akupangidwa kuyambira 1932, ndipo ndi wosakaniza mphesa zingapo, Cabernet Sauvignon ali patsogolo. Nederburg Baronne amaphatikiza Cabernet Sauvignon ndi Shiraz, ndipo amayenda bwino ndi nyama ya ng'ombe. The Wolftrap ndi Porcupine Ridge onse amachokera ku kampani ya Boekenhoutskloof ya ku Franschhoek, imene imapanganso vinyo wodula kwambiri, kotero mumapeza luso la anthu omwewo pamtengo wotsika. Beyerskloof Pinotage ndi woyenera amene akufuna kulawa mphesa ya ku South Africa yeniyeni. Munthu atandiuza kuti ndisankhe limodzi loti ndiike patebulo la anthu osiyana makonda, ndingatenge The Wolftrap wofiira: ndi wofewa mokwanira kwa oyamba kumene, komanso ali ndi kakomedwe kozama koti odziwa asamunyoze.

Pa tsiku lapadera, monga pokalandira akuchimuna kapena pothokoza ankhoswe, pali Kanonkop Kadette, Alto Rouge ndi KWV Roodeberg, amene anayamba kupangidwa mu 1949. Amenewa ali kumapeto kwa zimene ndingatche mtengo wofikirika. Onsewa simudzawapeza pa boma tsiku limodzi, ndiye sungani mayina atatu kapena anayi m'mutu, mutenge amene alipo ndipo akuoneka kuti wasungidwa bwino.

Merlot, Shiraz, Pinotage, Cabernet Sauvignon: mayina amenewa ndi a chiyani?

Ndi mitundu ya mphesa, osati makampani. N'chifukwa chake mumapeza Merlot wa Robertson komanso Merlot wa KWV.

Merlot ndi wofewa, tannin wake ndi wochepa, ndipo oyamba kumene ambiri amamukonda. Cabernet Sauvignon ndi wolimba, amaumitsa m'kamwa, ndipo amafuna nyama pambali pake. Mukamumwa wopanda chakudya mungamuweruze molakwa. Shiraz, amene mabotolo ena amalemba kuti Syrah, ali ndi kafungo ka tsabola wakuda ndipo amakonda malo otentha, chifukwa chake wa ku Cape amakoma ngakhale pamtengo wotsika.

Pinotage ndi mwana wa ku South Africa. Mu 1925 pulofesa Abraham Perold wa ku yunivesite ya Stellenbosch anakwatitsa mitundu iwiri, Pinot noir ndi Cinsaut, n'kupeza mphesa yatsopanoyi. Anthu amagawanika pa Pinotage. Wabwino amanunkhira zipatso zakupsa ndi kautsi pang'ono. Wopangidwa mwachisawawa amatha kununkha ngati tayala lowotcha. Pali wina amene amalembedwa kuti ali ndi kakomedwe ka khofi kapena chokoleti. Fungolo limachokera ku matabwa owotcha amene vinyo anakhalitsana nawo, sanathiremo khofi ayi.

Musaope vinyo wosakaniza mitundu ingapo. Pamtengo wapakati nthawi zambiri amaposa wa mphesa imodzi, chifukwa mtundu wina umakwirira pamene mnzake waperewera.

Ine ndimakonda wotsekemera. Anzanga amati ameneyo si vinyo weniweni. N'zoona?

Ndi vinyo ndithu, ndipo ndi amene amatha msanga pamaphwando ambiri kuno. Four Cousins, wa kampani ya Van Loveren ya ku Robertson, ndi 4th Street ali ndi owakonda ochuluka pachifukwa chomveka: savuta kumwa. Kutsekemerako kumabwera chifukwa shuga wina wa mphesa amatsala osasanduka mowa, kapena opanga amathiramo madzi a mphesa otsekemera. Malamulo a ku South Africa amati vinyo wolembedwa Dry, kutanthauza wosatsekemera, asapitirire magalamu 5 a shuga pa lita, pomwe wolembedwa Natural Sweet amapitirira magalamu 20.

Chimene ndingakuuzeni mosabisa n'chakuti shuga amaphimba zambiri. Mphesa zosapsa bwino sizidziwika m'vinyo wotsekemera, ndiye palibe chifukwa cholipira zambiri pa iye. Gulani wotchipa, mumuziziritse kwambiri. Ngati tsiku lina mufuna kuyesa wosatsekemera, musalumphire pa Cabernet Sauvignon. Yambani ndi Merlot, pamodzi ndi chakudya.

Pepala la pabotolo ndiliwerenge bwanji?

Yang'anani zinthu zinayi: mphesa, dera, chaka ndi mphamvu ya mowa.

Zilembo W.O. kapena mawu akuti Wine of Origin, otsatana ndi dzina la dera, zimasonyeza kuti mphesa zonse zinachokera kuderalo. Lamuloli linayamba mu 1973. Likati Western Cape, mphesa zingachokere kulikonse m'chigawo chachikulucho. Likati Stellenbosch kapena Swartland, dera lachepa ndipo kawirikawiri mtengo umakwerako. Botolo likatchula mtundu umodzi wa mphesa kapena chaka, pafupifupi zonse, 85 peresenti kapena kuposa, ziyenera kukhala za mtunduwo ndi chakacho.

Mphamvu ya mowa m'vinyo wofiira wosatsekemera imakhala pakati pa 12.5 ndi 14.5 peresenti. Wotsekemera wambiri amakhala wotsikirapo. Mawu akuti Reserve pabotolo la ku South Africa asakutengeni mtima, chifukwa kampani iliyonse imawagwiritsa ntchito mmene ikufunira. Ku Spain n'kosiyana: kumeneko Reserva wofiira ayenera kukhala atasungidwa zaka 3 asanagulitsidwe.

Kodi si zoona kuti vinyo akamakalamba m'pamene amakoma?

Ndi zoona pa vinyo wochepa kwambiri, wodula, wosungidwa m'chipinda chozizira chaka chonse. Amene tikukamba pano anapangidwa kuti amwedwe msanga. Chaka cholembedwa pabotolo ndi chaka chimene mphesa zinathyoledwa, ndipo ku Cape amathyola kuyambira chakumapeto kwa Januwale mpaka Epulo. Tengani botolo la zaka 2 mpaka 4 kuchokera chakacho. Mukapeza botolo lotchipa la zaka 8 lili pashelefu ya golosale, limenelo silinakhwime, langotsalira. Wogulitsa akakuuzani kuti "ili ndiye lakale, ndi lapamwamba", muthokozeni, mutenge latsopano.

Ndingadziwe bwanji kuti botolo lawonongeka ndi kutentha ndisanagule?

Vinyo amasungika bwino pa madigiri 12 mpaka 15. Akakhala masabata pamalo opitirira madigiri 30 amapsa: fungo la zipatso limathawa, mtundu umapita ku khofi, ndipo m'kamwa amamveka ngati zipatso zophikidwa. Tsono ganizirani shopu ya malata yopanda siling'i mu Okutobala, mabotolo ataimikidwa pashelefu ya pamwamba penipeni kuti azioneka bwino kwa odutsa. Pamenepo ndi potentha kuposa pena paliponse m'shopumo.

Pemphani kuti mulinyamule botololo. Likakhala lofunda m'manja masana, ndiye limafunda choncho tsiku lililonse. Yendetsani chala pakhosi pake: mukamva kumata, kapena mukaona kamzere kofiira kouma kotsika kuchokera pachivindikiro, vinyo anafutukuka ndi kutentha n'kudontha. Pabotolo lotsekedwa ndi kokho, chitsekero cha khungwa la mtengo cholowa m'khosi mwa botolo, gwirani pamwamba: kokhoyo iyenera kukhala yofanana ndi mlomo wa botolo, osati yotukuka. Liyang'aneni pa kuwala, muone ngati vinyo akufika m'khosi. Akatsikira paphewa la botolo, mpweya walowa. Pepala lofwifwa mbali imodzi limakuuzani kuti botololo lakhala likuyang'ana dzuwa la pawindo.

Kenako funsani mwaulemu: "Achimwene, mulibe lina m'katoni kuseriko?" Botolo limene lakhala m'katoni pansi, m'chipinda chosungiramo katundu, limakhala bwino kuposa la pachionetsero ngakhale anabwera tsiku limodzi. Ndiponso gulani kumene vinyo amayenda. Shopu imene imaoda kawirikawiri sipatsa botolo mpata woti lipse.

Mukagula ku Lilongwe, musaliike kubuti ya galimoto n'kuyamba kuzungulira m'tauni tsiku lonse. Vinyo akhale chomaliza kugula musanalowe msewu wa M12.

Nanga vinyo wa m'bokosi? Si wa anthu osadziwa vinyo?

Bokosi ndi chotengera chabe. Njirayi inayambira ku Australia mu 1965, ndipo ili ndi ubwino umodzi umene botolo lilibe: kathumba ka m'kati kamafota vinyo akamatuluka, mpweya osalowa, kotero bokosi lotsegula limatha milungu 4 mpaka 6 lili bwino. Kwa munthu amene amamwa tambula imodzi madzulo ena, ameneyu ndi mnzake. Bokosi la malita 3 ndi mabotolo 4 a 750 ml, ndipo la malita 5 ndi mabotolo 6 ndi magawo awiri mwa atatu a botolo lina. Gawani mtengo wa bokosi ndi nambala imeneyi, muyerekeze ndi botolo.

Mayina odziwika ndi Overmeer, Cellar Cask, Namaqua, Drostdy-Hof ndi Robertson. A malita 5 ambiri ndi vinyo wamba, wabwino paphwando. A malita 2 kapena 3 amene amatchula mphesa, monga Merlot kapena Shiraz, amakhala okwererapo. Vuto la bokosi n'lakuti silisungika: mpweya umalowa pang'onopang'ono kudzera m'pulasitiki ngakhale lisanatsegulidwe. Fufuzani tsiku limene linadzazidwa kapena limene liyenera kutha, ndipo bokosi limene layandikira chaka lisiyeni. Lofufuma kapena lonyowa pansi musaligule n'komwe.

Kuli bwino kugula pa boma, ku Lilongwe kapena ku Chipata?

Botolo limodzi gulani konkuno. Ndalama ya minibasi yopita ndi kubwera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100, ingadye zonse zimene mukanapulumutsa. Ngati muli ndi ulendo kale, kapena mukufuna katoni yathunthu ya ukwati, masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ali ndi mitundu yambiri ndipo ambiri ndi ozizira m'kati. Funsani mtengo wa katoni ya mabotolo 6, nthawi zina umatsikirapo.

Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe ndipo masitolo ake ali ndi vinyo yemweyu wa ku Cape. Koma kwacha ya ku Zambia si kwacha yathu, ndipo kutchipa kapena kudula kumadalira mmene mwasinthira ndalama tsiku limenelo. Werengerani zonse m'ndalama ya kwathu, muphatikize mayendedwe. Powoloka pa Mwami, nenani zimene mwanyamula kwa maofesala a MRA, ndipo funsiranitu popita kuti ndi mabotolo angati amene munthu amaloledwa kulowetsa osalipira msonkho. Katoni yodutsira njira zachidule pa kabaza ingalandidwe, ndipo imakhala itaphikidwa padzuwa.

Mtengo ukungokwera bwanji chonsecho vinyo ndi yemweyo?

Vinyoyu amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wochokera kunja anakwera, ndipo ndalama zakunja zikamasowa m'mabanki ooda amaika mtengo woti adzathe kuodanso. Pamwamba pake pali misonkho ya mowa ndi mtengo wa mafuta. Apa n'chifukwa chake mashopu awiri oyandikana angasiyane kwambiri: wina akugulitsa katundu wakale, wina watsopano. Musanasangalale ndi wotchipayo, onani chaka ndi zizindikiro za kutentha zija.

Kodi vinyo wachinyengo aliko? Ndingamuzindikire bwanji?

Chofala kwambiri ndi botolo lenileni lodzazidwanso ndi zina. Pachivindikiro chopotokola, kamphete ka m'munsi kayenera kukhala kolumikizana ndi chivindikirocho, ndipo potsegula mumve kuthetheka. Vinyo wa ku South Africa amene amatchula dera, mphesa kapena chaka amakhala ndi kasitampu ka manambala pakhosi pa botolo kosonyeza kuti anayesedwa. Wotsekemera wotchipa ndi wa m'bokosi wambiri alibe kasitampuka, ndipo si vuto. Yang'ananinso sitampu ya msonkho ya MRA ya Kalondola. Zilembo zolakwika papepala, pepala lomatidwa mopendama, ndi mtengo wotsika mosamveka pa dzina lodula, zonsezi zikuuzeni kuti mubweze botolo. Chakumwa chosadziwika kumene chachokera chingakhale ndi methanol, mowa wapoizoni umene umachititsa khungu ngakhale kupha.

Chivindikiro chopotokola ndi chizindikiro cha vinyo wotchipa?

Ayi. Makampani abwino ambiri anasiya kokho dala, chifukwa kokho zina zimapatsa vinyo fungo la nkhungu. Kwa ife chopotokola n'chabwino kwambiri: sichiuma, sichifuna chotsegulira, ndipo chimatsekekanso. Botolo lolemera, dzenje lakuya kunsi kwake ndi timasitika tagolide tambirimbiri sizikuuzani kanthu za kakomedwe. Kulemera kwa botolo mumakulipira ndinu pa thiransipoti.

Vinyo wofiira amamwedwa wofunda eti? Nanga magetsi akathima?

Malangizo akuti asalowe mufiriji anachokera ku Ulaya, kumene m'nyumba mumazizira. Vinyo wofiira amakoma pa madigiri 16 mpaka 18. Mu Juni ndi Julayi, madzulo a ku Mchinji amafika pamenepo okha ndipo simufunika kuchita kanthu. M'chilimwe muikeni mufiriji mphindi 20 mpaka 30 musanathire. Vinyo wofunda amamveka mowa wokhawokha, ndipo anthu ambiri amene amati samukonda anamulawa ali choncho.

Popanda magetsi, imikani botolo m'ndowa ya madzi a pamjigo otungidwa kumene, kapena likulungeni ndi nsalu yonyowa n'kuliika pamthunzi podutsa mphepo. Mumtsuko wa madzi akumwa namonso limazizira bwino, bola mulitsuke kunja kaye.

Posunga kunyumba, sankhani pansi, m'chipinda cha pakati, m'katoni yake. Pamwamba pa firiji ndi m'kabati ya magalasi ya pabalaza ndi malo okongola koma otentha. Botolo la kokho ligone chammbali kuti kokhoyo isaume. La chopotokola liime.

Ndatsegula koma sitinamalize. Litha masiku angati?

Mukatseka n'kuika mufiriji, masiku 3 mpaka 5. Popanda firiji, m'nyengo yotentha, limalizeni mawa lake. Mdani wake ndi mpweya, ndiye mukatsala ndi theka, thirani m'kabotolo kakang'ono koyera kuti kadzaze mpaka pakhosi. Amene wayamba kuwawasa koma sanafike pa viniga, thirani m'poto wa nyama ya ng'ombe pamodzi ndi anyezi ndi tomato, muphike mpaka msuzi ugwirane.

Amayenda ndi zakudya zathu, kapena amafuna zachizungu?

Amayenda nazo bwino kwambiri. Mafuta ndi mchere wa nyama zimafewetsa tannin, kotero kanyenya wa mbuzi, nyama ya nkhumba yowotcha, nthumbwana ndi mang'ina zimagwirizana ndi Shiraz, Pinotage kapena Cabernet Sauvignon. Nkhuku yachikuda ya msuzi wa tomato ndi nsima imafuna Merlot kapena vinyo wosakaniza wofewa. Nyemba zophika bwino nazonso sizikana.

Pali ziwiri zovuta. Nsomba, makamaka usipa ndi utaka wouma, zimapangitsa vinyo wofiira kumveka ngati chitsulo m'kamwa. Pa chambo tengani woyera. Tsabola wa kambuzi naye amakolezera ukali wa mowa ndi tannin, kotero ngati mbale yanu ili ndi kambuzi wambiri, wotsekemera wozizira uja ndiye amapambana apa, ndipo anzanu onyoza aja akhale chete. Mtedza wokazinga wamchere, umene kuno sitiusowa, ndi wokwanira pocheza.

Ndi kulakwa kuthiramo Coca-Cola kapena madzi oundana?

Si mlandu. Ku Mozambique ndi ku South Africa vinyo wofiira wosakaniza ndi Coca-Cola ndi chakumwa chodziwika, ndipo ku Spain nakonso amamwa. Kungoti musawonongere botolo labwino pamenepa, chifukwa shuga wa chakumwacho amaphimba zonse zimene munalipirira. Wa m'bokosi ndi wokwanira. Dziwaninso kuti kutsekemera kumabisa mphamvu ya mowa, munthu n'kumwa mopitirira asakudziwa.

Pachinkhoswe kapena ukwati ndigule wochuluka bwanji?

Botolo la 750 ml limatulutsa matambula 5 a 150 ml, ndipo bokosi la malita 5 limatulutsa 33. Musawerenge oitanidwa onse, werengani okhawo amene amamwa vinyo, chifukwa ambiri adzatenga zoziziritsa kukhosi, thobwa kapena mowa wa m'mabotolo. Tinene kuti omwa vinyo ndi 60 ndipo aliyense amwa matambula 2. Amenewo ndi matambula 120, malita 18, kutanthauza mabotolo 24 kapena mabokosi 4 a malita 5, n'kutsalako pang'ono.

Njira yosawononga ndalama ndi kuika mabotolo angapo abwino patebulo la akwati ndi ankhoswe, ena onse n'kumathiriridwa wa m'bokosi kuchokera m'majagi. Pagulu la kwathu kuno wotsekemera achuluke kuposa wosatsekemera. Ikani munthu mmodzi wodalirika woti azithira. Mabotolo ongoimikidwa pamatebulo amatha kulowa m'zikwama asanatsegulidwe.

Kulibe vinyo wopangidwa ku Malawi konkuno?

Aliko, koma wodziwika ndi wa zipatso zina, osati mphesa. Linga Wine wa ku Lilongwe amapangidwa kuchokera ku zipatso monga jambula ndi mapulamu, komanso chidede, ndipo ena mwa iwo ndi ofiira. Musamuyerekeze ndi Shiraz, ndi chakumwa china ndi kakomedwe kakekake, ndipo ndi mphatso yabwino kwa mlendo wochokera kunja. Mphesa za vinyo zimafuna mvula m'nyengo yozizira ndi dzuwa louma pamene zikupsa, monga zilili ku Cape. Kwathu mvula imagwa nthawi yotentha, ndipo chinyezi chimaoletsa mphesa. Oyandikana nafe amene apambanako ndi a ku Tanzania, m'dera louma la Dodoma.

Amati vinyo wofiira amawonjezera magazi ndiponso amathandiza mtima. N'zoona?

Za magazi ayi. Kufiira kwa vinyo kumachokera ku makoko a mphesa ndipo kulibe chochita ndi magazi a munthu. Ayironi amene ali m'vinyo ndi wochepa, ndipo tannin amalepheretsanso thupi kutenga ayironi wa m'zakudya. Amene akuperewera magazi apite kuchipatala akayezedwe, chifukwa gwero lake lingakhale malungo, njoka za m'mimba kapena matenda ena, ndipo adye chiwindi, nyemba, bonongwe ndi masamba ena obiriwira.

Za mtima zinamveka kwambiri zaka zapitazo, koma mu Januwale 2023 bungwe la WHO linanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene uli wotetezeka ku thanzi la munthu. Imwani chifukwa mumakonda, osati ngati mankhwala. Amayi oyembekezera asamwe n'komwe. Amene ali pa mankhwala a TB, a shuga, a BP, ma ARV kapena Flagyl afunse kaye kuchipatala.

N'chifukwa chiyani amandipweteketsa mutu kuposa mowa wa m'mabotolo?

Kawirikawiri ndi kuchuluka, osati mtundu. Botolo limodzi la 750 ml la 13.5 peresenti lili ndi mowa wofanana ndi mabotolo 6 a 330 ml a mowa wa 5 peresenti. Anthu awiri akagawana botolo limodzi amaona ngati sanamwe kanthu, chonsecho aliyense wamwa atatu. Pothira m'tambula yaikulu ya madzi mpaka kudzaza, mwathira kawiri pa mlingo uja wa 150 ml. Woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto awerengere bwino apa, asiyire wina chiwongolero.

Ambiri amaloza chala ma sulphite olembedwa papepala, mankhwala oteteza vinyo kuti asawonongeke, koma vinyo woyera ndi wotsekemera nthawi zambiri ali nawo ambiri kuposa wofiira wosatsekemera. Alipo anthu ena amene vinyo wofiira amawapweteketsa mutu ngakhale atamwa theka la tambula. Ngati ndinu mmodzi mwa iwo, botolo lodula silidzasintha kanthu, yesani woyera kapena musiyeni. Kwa ena onse, idyani kaye, ndipo tambula iliyonse ya vinyo itsatane ndi tambula ya madzi.